Kantchentche ka m'mathithi komwe kanasamutsa midzi

Pa Chichewa mawu oti khungu ali pawiri: pali khungu la thupi, palinso khungu la kusaona. Nthenda ya onchocerciasis imawononga zonse ziwiri, ndipo mbiri yake imayambira m'madzi aliwiro a m'mathithi.

Udzudzu umaswana m'zithaphwi, koma kantchentche kakuda kotchedwa Simulium kamafuna mtsinje wothamanga. Mphutsi yake imalavula ulusi womata n'kuupaka pamwala kapena patsamba lolendewera m'madzi, kenako n'kukolapo timbedza ta kumchira kwake. Ikakhazikika imatambasula tinthu tiwiri tonga zipeso pamutu pake, n'kumasefa tizakudya tobwera ndi madzi. Ikakokoloka siipita kutali, chifukwa ulusi uja umasanduka chingwe chobwererapo. Kantchentcheko kakakhwima kamatuluka m'chikwa kali mkati mwa thovu la mpweya, n'kuuluka mapiko osanyowa. Kakakazi ndiye kamaluma anthu, masana, pofuna magazi okhwimitsira mazira.

Panapita zaka zambiri madokotala asanakatulukire. Mu 1875 John O'Neill analemba za tinyongolotsi timene anatipeza m'khungu la odwala ku Gold Coast, komwe lero ndi Ghana. Mu 1915 Rodolfo Robles wa ku Guatemala anaona kuti nyongolotsi zomwezi zimaphanso maso. Koma zimalowa bwanji m'thupi? Yankho linabwera mu 1926 ku Sierra Leone, pomwe Donald Blacklock anatsimikiza kuti wozinyamula ndi kantchentche kaja. Kuno kwathu nthendayi inalembedwa koyamba mu 1939, itapezeka ku Thyolo.

Kumadzulo kwa Africa zinthu zinafika poipa. M'zigwa za mtsinje wa Volta ana ankatsogolera makolo awo osaona ndi ndodo, ndipo midzi yathunthu inasiya dothi lachonde la m'mbali mwa mitsinje n'kukagwira khasu kumtunda kouma.

Komatu chimene chinkapatsa kantchentcheka mphamvu ndicho chinakagwiritsa. Mphutsi yosefa chilichonse chodutsa imasefanso poizoni. Mu 1946 akatswiri anathira DDT m'mitsinje ya chigwa cha Kodera ku Kenya, ntchentchezo n'kutha, chonsecho iwo asakudziwa pomwe mphutsi za mtundu wa kumeneko zinkabisala. Mpaka mu 1950 m'pamene zinadziwika kuti zimakakamira pamsana pa nkhanu.

Mu 1974 bungwe la WHO ndi anzake anayambitsa ntchito yaikulu m'maiko 7 a kumadzulo kwa Africa, likulu lake lili ku Ouagadougou. Mahelikopita ankathira mankhwala a temephos m'mathithi sabata ndi sabata, popeza mphutsi sizichedwa kukhwima. Pomwe ntchitoyi inkatsekedwa mu 2002 inali itafika m'maiko 11, ndipo anthu anali atabwerera kumadimba a makolo awo.

Pa nthawiyo nkhondoyi inali itayamba kale kuchoka kumtsinje kulowa m'thupi. Kuchokera ku tizilombo ta m'dothi la ku Japan, Satoshi Ōmura ndi William Campbell anatsegula njira ya mankhwala a ivermectin, ntchito yomwe inawapatsa mphoto ya Nobel mu 2015. Mu 1987 kampani ya Merck inalonjeza kuwapereka ulere m'dzina loti Mectizan. Mankhwalawa amapha tiana ta nyongolotsi, tomwe timayabwitsa ndi kuwononga maso, koma zikuluzikulu zimatsala m'zotupa, ndipo zimatha kukhala moyo zaka 15. N'chifukwa chake kumwa kamodzi sikukwanira.

Ku Malawi nthendayi siichititsa khungu kwambiri ngati ku Volta. Chozunza anthu m'maboma monga Thyolo, Mulanje, Mwanza ndi Neno ndi kuyabwa kosagonetsa tulo, kukhakhala kwa khungu ndiponso mawanga a m'miyendo. Kumeneko anthu odzipereka a m'midzi amayenda ndi ndodo yoyezera msinkhu, ndipo kutalika kwa munthu ndiko kumanena mapiritsi oti amwe.

Dziko la Colombia linathetsa nthendayi mu 2013, ndipo Niger inakhala yoyamba mu Africa mu 2025. M'mitsinje ya kumapiri athu mphutsi zija zikadamatirirabe pamiyala. Chimene chikusakidwa tsopano ndi tsiku lomwe kantchentcheko kadzaluma munthu n'kupeza kuti m'khungu lake mulibe choti kanyamule.