Njoroge ndi Matigari, ana a bambo mmodzi

Buku la Weep Not, Child linatuluka mu 1964, miyezi yocepa cabe Kenya italandila ufulu. Pacikuto panalembedwa dzina lakuti James Ngugi, mnyamata amene analilemba akali kuphunzila ku Makerere, ku Uganda. Ine ndinaliwelenga koyamba ndili mu Giledi 11, ndipo caka cino ndalibwelezanso pamodzi ndi mabuku amene iye analemba atataya dzina la James n'kukhala Ngũgĩ wa Thiong'o.

Njoroge, mwana wa m'bukuli, akhulupilila kuti sukulu idzaombola banja lake. Atate ake, a Ngotho, amagwila nchito pa famu ya mzungu Howlands, pa nthaka imene inali ya makolo awo. Mu 1952 Abritishi alengeza malamulo a nthawi ya nkhondo, mkulu wake Boro alowa m'nkhalango ndi a Mau Mau, ndipo apolisi amucotsa Njoroge pa sukulu ya Siriana n'kumuzunza. Wolemba sanazitole patali zimenezi: mkulu wake weniweni anali m'nkhalango, ndipo mu 1955, pobwela ku holide, anapeza mudzi wawo utaphwasulidwa.

Cimene candigwila mtima ulendo uno ndi cifundo ca mnyamata wolembayo. Ngakhale Howlands, munthu wankhanza uja, wapatsidwa cisoni cake: mwana wake Peter anafela ku nkhondo yaciwili ya dziko lonse, nkhondo yomweyo imene inaononga mutu wa Boro. Kumapeto kulibe wopambana. Njoroge afuna kudzimangilila, amayi ake amuitana mumdima, iye abwelela kunyumba akudzicha wamantha.

Pofika 1977 cifundo cija cinali citacepa. Mu Petals of Blood adani salinso azungu okha, koma anthu akuda anzathu amene analemela pambuyo pa ufulu. Caka comweco iye ndi Ngũgĩ wa Mĩriĩ anakonza sewelo m'Cikikuyu ndi alimi komanso anchito a ku Kamĩrĩĩthũ. Mabuku a Cizungu boma la Kenyatta linawapilila, koma sewelo limene agogo a kumudzi anatha kumva silinalilekelele. Pa 31 December anamugwila, nakhala m'ndende ya Kamiti pafupifupi caka cathunthu popanda kuzengedwa mlandu. Mmenemo analemba buku pa mapepala a kucimbudzi, m'cinenelo cake, limene ife tilidziwa kuti Devil on the Cross.

Ndikaika mabukuwa pamodzi, mtima wanga ukali kwa Njoroge. Anthu a m'mabuku otsatila nthawi zina amamveka ngati zikwangwani za pa msonkhano: uyu ndi wakuba, uyu ndi wobeledwa, basi. Koma tisafulumile kuweluza, cifukwa mabukuwa anapangidwila makutu. Mwiniwake anasimba kuti anthu anali kuwelengelana Devil on the Cross mokweza m'nyumba ndi m'mabala, wowelengayo n'kumugulila mowa kuti asaleke. Ife tikaliwelenga mwakacetecete m'Cizungu comasulilidwa, tili ngati munthu woona gule pa zenela.

Matigari, la mu 1986, ndilo limandiyankha bwino za Boro. Munthu atuluka m'nkhalango, akwilila zida zake pansi pa mtengo wa mkuyu, apita kukatenga nyumba imene anamanga ndi manja ake. Apeza kuti mwana wa mzungu uja ndi mwana wa wanchito wake wakuda ndiwo akuilamulila. Njoroge anali kuyembekeza kuti mawa kudzaca bwino. Matigari abwelela kukafukula zida.

Anthu anayamba kukamba za Matigari m'misewu ngati munthu wamoyo, mpaka apolisi a boma la Moi anatumidwa kukamugwila. Atazindikila kuti ndi munthu wa m'buku, mu 1987 analanda makope onse m'masitolo. Panthawiyo Ngũgĩ anali atathawa kale m'dziko, ndipo anakapondanso ku Kenya mu 2004.