Mwendo Wotupa ndi Mitsempha Imene Tinabadwa Nayo

Aliyense amene anakulira ku Makata kapena ku Ndirande amadziwa mwanabele: bala lili kuphazi koma chotupa chabuka m'mphechepeche. Makolo ankachiona chotupacho, koma njira imene ululu wadzera kuchoka kuchala sinkaoneka. Njirayo ndi timitsempha topyapyala tonyamula madzi otsalira m'minofu n'kuwabwezera m'magazi. Gwero lake analifufuza Florence Sabin wa ku yunivesite ya Johns Hopkins ku Baltimore mu 1902, pobaya inki m'tiana ta nkhumba tosabadwa, naona kuti timitsemphati timaphuka pa mitsempha yobwezera magazi kumtima monga mphukira pa tsinde. Huntington ndi McClure anatsutsa, nati timayamba patokha m'minofu. Mu 1999 Wigle ndi Oliver anasonyeza kuti mbewa yopanda jini ya Prox1 siphuka timitsemphati, zomwe zinalimbitsa mfundo ya Sabin, ngakhale kafukufuku wapambuyo pake wapeza kuti otsutsawo sanaphonye kotheratu. Mwa munthu, timitsemphati timayamba kupangika mimba isanakwanitse miyezi iwiri.

Wina anganene kuti tiana ta nkhumba ta ku Baltimore tilibe nawo ntchito anthu a m'Blantyre. Atsike phiri apite ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene kwa mibadwo udzudzu unkafalitsa tinyongolotsi tokhala m'mitsempha imeneyi. Miyendo inkatupa mpaka khungu kukhakhala ngati khungwa, abambo ankabisa phudzi m'nsalu, ndipo ena ankaloza chala afiti. Kuyambira 2008 boma linayamba kugawa ivermectin ndi albendazole m'midzi chaka ndi chaka, ndipo mu 2020 bungwe la WHO linavomereza kuti Malawi wagonjetsa matendawa, kutsatira Togo.

Apa m'pamene mbiri ya mwana wosabadwa ija imatithandiza. Timitsemphati timalukidwa mosamala m'mimba, ndi tizitseko take toletsa madzi kubwerera. Tikaphwanyika, mapiritsi satimanganso. Mankhwala aja anateteza ana, koma gogo wa ku Ngabu amene mwendo unatupa kale akusowabe sopo, madzi oyera otsukira pakati pa zala, nsapato zomukwana, ndiponso woti amutsamiritse mwendowo pamtsamiro usiku. Phudzi nalo limafuna opaleshoni. Zambiri mwa izi ndi zinthu zotsika mtengo, ndipo odwalawo adakali nafe, ena akubwera pa minibasi kudzafuna thandizo ku chipatala cha Queens.