Kukonzanso zinthu zamakedzana: malire a kusamala ndi chinyengo

Kukonzanso ndi ntchito yobwezera chinthu chakale m'maonekedwe ake oyamba chikawonongeka. Pamsika wa zinthu zamakedzana ntchitoyi imabutsa mkangano, chifukwa luso lomwe limapulumutsa chinthu limathanso kubisa zilema zake kuti mtengo ukwere.

Komwe mkangano udakulira

Nkhaniyi imamveka kwambiri ku America pakati pa osunga mabuku a nthano zazithunzi. Buku loyamba la Action Comics la mu 1938, momwe Superman adaonekera koyamba, lidagulidwa pa madola 6 miliyoni mu 2024. Kampani ya CGC, yomwe imayeza mabukuwa, imaika chizindikiro cha mtundu wa pepo pa buku lomwe lapakidwa utoto kapena kuphatikidwa pepala latsopano, ndipo mtengo wake umatsika. Koma kuwongola mapepala opindika ndi kutentha kampaniyi sikuwerenga ngati kukonzanso, poti palibe chawonjezedwa. Ena amatsutsa, ati wogula ayenera kuuzidwabe.

Kuno kwathu

Mabanja ena, kuphatikizapo a m'madera ngati Chikweo m'boma la Machinga, amasungabe ndalama zachitsulo zobooka pakati za nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, zomwe zidagwira ntchito kwacha isanabwere mu 1971. Ambiri amazikwecha ndi phulusa kapena mchenga kuti ziwale, osadziwa kuti kwa akatswiri ndalama yokwechedwa yataya mtengo: kuda kwakeko ndiwo umboni wa zaka zake.

Pa ziboliboli zinthu zimatembenuka. Chosema cha dzulo chikhoza kufukizidwa utsi kapena kukwiriridwa m'dothi kuti chioneke cha makolo. Kumeneku si kukonzanso ayi, koma kupeka mbiri.

Mfundo zoyendera

Chikalata cha Venice Charter cha mu 1964, chokhudza nyumba ndi malo amakedzana, chimati kukonzanso kulekere pomwe kungoganizira kwayambira, ndipo chigamba chilichonse chizizindikirika. Osamala mabuku ndi zosema amawonjezera kuti chomwe chaikidwa chizitheka kuchotsedwa osawononga chinthucho. Ku Malawi, lamulo la Monuments and Relics Act limaletsa kusintha kapena kutulutsa kunja zinthu zotetezedwa popanda chilolezo.

Choncho muyeso ndi umodzi: wokonza moona amalemba zomwe wachita ndi kuuza wogula, pomwe wachinyengo amadalira kuti wogulayo asadziwe.