Bajor: Dziko Lopeka Lomwe Mbiri Yake Si Yachilendo ku Benga

Pa mapu a mlengalenga amene akatswiri a nyenyezi amagwiritsa ntchito, dziko lotchedwa Bajor palibe. Ndi lopeka. Linabadwira m'mitu ya olemba makanema a Star Trek ku America, ndipo dzina lake linamveka koyamba mu 1991. Komabe munthu wokulira m'mbali mwa nyanja kuno, kaya ku Benga, ku Chia kapena ku Linga, akamva mbiri ya dzikoli sachedwa kuizindikira. Alendo ofika pa zombo, chuma chotuluka m'dziko usana ndi usiku, anthu ogwidwa kukagwira ntchito yakalavulagaga, atsogoleri ogwirana chanza ndi adani kuti apulumuke: zonsezi makolo a ku Nkhotakota anaziona ndi maso awo.

Kumene nthano zotere zinachokera

Nkhani za dziko lolandidwa ndi alendo ochokera kumwamba zinatchuka ndi buku la Mngelezi H. G. Wells, The War of the Worlds, lomwe linatuluka mu 1898. M'bukuli zolengedwa za ku Mars zikutera ku England ndi zida zoopsa, ndipo asilikali a ufumu womwe unkagwedeza dziko lonse akungothawa. Wells sanabise cholinga chake. Kumayambiriro kwa bukulo anakumbutsa Angelezi anzake za eni nthaka a chilumba cha Tasmania, amene anatsala pang'ono kutheratu Azungu atafika kwawo. Iye ankafuna kuti olanda maiko a eni amveko kuwawa kolandidwa. Zaka zomwe ankalemba bukuli ndi zomwezo zimene Angelezi ankakhazikitsa boma lawo ku Kota Kota, komwe lero ndi Nkhotakota.

Ena anatsatira. Mu 1965 Frank Herbert anatulutsa Dune, nkhani ya dziko lachipululu la Arrakis lomwe mabanja achifumu akunja amalimbirana chifukwa cha chuma cha mumchenga wake, eni ake a mtundu wa Fremen ali chikhalire. Mu 2009 James Cameron anabwera ndi Avatar, momwe kampani ya migodi ikugwetsa mudzi wa eni dziko la Pandora kuti ikumbe mwala wamtengo wapatali. Makanema amtunduwu ndi amene anyamata amakonda m'nyumba zoonetsera vidiyo m'misika ya m'mbali mwa msewu wa M5, DJ akumasulira m'Chichewa, mawu akumveka mpaka kwa ogulitsa usipa panja. Ambiri mwa makanemawa amatha mofanana: eni dziko agonjetsa adani, zombo zanyamuka, aliyense akusangalala.

Bajor ndi yosiyana. Nkhani yake ikuyambira pamene zinazo zimathera.

Tsiku lotsatira adani atachoka

Rick Berman ndi Michael Piller anayambitsa Star Trek: Deep Space Nine mu Januwale 1993, ndipo inaonetsedwa mpaka 1999, zigawo 176. M'nkhaniyi, mtundu wankhondo wa Cardassia unali utalamulira Bajor zaka pafupifupi 50 usanachoke m'chaka chopeka cha 2369. Unakumba migodi mpaka nthaka kuguga, unamanga misasa yozunzirako anthu, ndipo unamangitsa siteshoni ya mumlengalenga yotchedwa Terok Nor pogwiritsa ntchito eni dziko ngati akapolo. Gawo loyamba likutseguka adaniwo atangochoka, ataswa chilichonse chomwe sanathe kunyamula. Boma latsopano ndi lofooka, omenyera ufulu akukanganirana mipando, alimi akusowa poyambira, ndipo mlendo wina wamphamvu wafika kale, akuti wabwera kudzathandiza.

Pali gawo lina la mu 1993 lotchedwa Duet lomwe ambiri saliiwala. Mayi Kira Nerys, amene anayamba kumenya nkhondo ya m'tchire ali mwana, wagwira bambo wina wa ku Cardassia yemwe akuvomera monyada kuti ndiye ankalamulira msasa wa Gallitep, komwe anthu ankafa ngati ntchentche. Pomaliza zikudziwika kuti bamboyu anali kalaliki chabe wosunga mapepala pamsasapo. Usiku ankatseka makutu kuti asamve kulira kwa ozunzidwa, ndipo manyazi a mantha akewo ndi amene anamuchititsa kudzisandutsa mkulu wa msasa, kuti aweruzidwe poyera ndipo anthu akwawo avomereze mlandu wawo. M'gawo lina, Kira akutulukira kuti mayi ake omubereka anakhala mkazi wa kazembe wa adani, ndipo chakudya chomwe chinapulumutsa ana ake chinkachokera pamenepo. Olembawo anamvetsa kuti dziko likalandidwa, mzere wolekanitsa wolakwa ndi wolakwiridwa umadutsa m'kati mwa mabanja.

Alendo a ku Linga

Benga ili kum'mwera kwa boma la Nkhotakota, m'dera la Mfumu Mwadzama, pamsewu wochokera ku Salima. Ukapitirira kumpoto, kuwoloka mlatho wa Chia, umafika ku Linga, komwe kunali likulu la a Jumbe.

Cha m'ma 1840, wamalonda wa Chiswahili dzina lake Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anafika pagombe limeneli. Sanabwere ndi gulu lalikulu lankhondo. Anabwera ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga, napempha malo kwa mafumu a Chichewa a m'derali, omwe wotchuka mwa iwo ndi Malengachanzi. Anamupatsa, monga mwa mwambo wolandira mlendo. Malowo anali osankhidwa mwanzeru: doko lotetezeka ku mphepo ya mwera, pamalo oyenera kuwolokera kutsidya. Anamanga zombo za matanga, nayamba kugula minyanga ya njovu ndi anthu.

Chomwe chinamukweza kwambiri ndi nkhondo za Angoni. Midzi ikaotchedwa, anthu ankathawira kwa yemwe anali ndi mfuti ndi mpanda. Motero mudzi wa Jumbe unakula kukhala umodzi mwa midzi ikuluikulu m'chigawo chino cha Africa, ndipo mlendo wopempha malo uja anasanduka mwini mphamvu, akuika nduna zake m'midzi ndi kulandira mitulo. Eni nthaka anapeza chitetezo kwa munthu yemweyo amene ankagulitsa abale awo.

Akapolo ankachokera kutali, ku Kasungu, kuchigwa cha Luangwa ngakhalenso kupitirira apo. Ankafika ali m'magoli, n'kusungidwa mpaka gulu litakwana. Kenako ankawapanikiza m'zombo kupita ku Losewa, kutsidya la kum'mawa, ndipo kuchokera kumeneko unali ulendo wapansi wa miyezi ingapo mpaka ku Kilwa, kugombe la nyanja yamchere. Ofooka ankatsala panjira. David Livingstone analemba kuti kazembe wa Britain ku Zanzibar, Rigby, anamuuza kuti akapolo 19,000 ochokera m'dera la nyanja yathu ankadutsa pa kasitomu ya Zanzibar chaka chilichonse. Amenewo ndi okhawo amene anafika amoyo.

Livingstone anaona gombeli mu 1861 ali paboti, ndipo mu 1863 anabweranso wapansi kuchokera kum'mwera, kudutsa ku Chia mpaka ku Kota Kota, komwe anapeza chombo chatsopano chikukhomedwa. Mkuyu womwe anthu amati anakhala pansi pake pokambirana za malondawa udakalipo pafupi ndi chipatala cha St Anne's. Mawu ake sanaletse kanthu. Malonda a akapolo anapitirira zaka zina 30.

Pano mpofunika kunena zoona ngakhale zili zowawa. Jumbe sakanatha yekha. Panali mafumu ena amene ankapereka anthu awo posinthana ndi nsalu ndi mfuti, panali amalonda a Chiyao, panali anyamata a kuno komwe amene ankanyamula mfuti zake ndi kuyendetsa zombo zake. Ena ankachita chifukwa cha dyera, ena chifukwa kukana kunali imfa. Zidzukulu za ogulitsa ndi za ogulitsidwa lero zimatunga madzi pamjigo umodzi.

Mlendo wachiwiri

Mu 1889 Harry Johnston anafika ku Kota Kota n'kupangana pangano ndi Jumbe wachitatu, Tawakali Sudi. Mu 1891 Britain inalengeza kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chake. Poyamba Angelezi sanamuchotse Jumbe. Ankamufuna ngati bwenzi, ankamulipira ndalama chaka ndi chaka, ndipo nduna yake Chiwaula itamuukira mu 1893 anamuthandiza ndi asilikali. Tawakali Sudi anamwalira mu 1894. Amene analowa m'malo mwake, Mwinyi Kheiri, sanakhalitse pampando: Angelezi anamugwira n'kumutumiza ku Zanzibar. Ufumu wa a Jumbe unathera pomwepo, patatha zaka pafupifupi 50, kutalika kofanana ndi komwe olemba makanema anapatsa adani a Bajor. Pofika Disembala 1895, Mwase wa ku Kasungu anali atagonjetsedwa ndipo Mlozi anali atanyongedwa ku Karonga.

Palibe angakane kuti kutha kwa malonda a akapolo kunali chipulumutso. Makolo anayamba kugona tulo, ana n'kumapita kunyanja popanda mantha. Amishoni a Anglican anatsegula mishoni yawo ku Kota Kota mu 1894, ndipo bishopu Chauncy Maples, yemwe anamira panyanja mu 1895, anaikidwa m'manda komweko. Koma mpulumutsiyo sanabwerere kwawo. Anamanga boma, anabweretsa msonkho wa nyumba, ndipo mwamuna wopanda ndalama ya msonkho ankasiya mkazi ndi ana kupita ku migodi ya ku Halale ndi ku Joni. Pa nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918, amuna miyandamiyanda a m'dziko muno anatengedwa kukhala amtengatenga, ndipo ambiri anafera kunjira ndi matenda ndi njala. Mafumu omwe kale ankapereka mitulo kwa Jumbe tsopano ankatolera msonkho wa bwana DC.

Ulamuliro wachiwiriwu unakhala zaka 73. Nkhotakota inaonekeranso pamene unkatha: mu 1960, chaka chimodzi chitadutsa boma la atsamunda chilengezereni pa 3 Malichi 1959 kuti dziko lili pa ngozi, chipani cha Malawi Congress chinachita msonkhano wake waukulu kuno. Pamsonkhanowo Henry Masauko Chipembere ndi abale awiri a Chisiza, Dunduzu ndi Yatuta, anaonekera kwa anthu atangotuluka m'ndende, ndipo Dr Hastings Kamuzu Banda anapatsidwa utsogoleri wa chipanicho wamuyaya. Ufulu unabwera pa 6 Julaye 1964. Pasanathe miyezi itatu, nduna za boma zinali zitasemphana ndi Kamuzu, ndipo ena mwa omenyera ufulu aja anathawa m'dziko lomwe analimenyera.

Zomwe zinatsala

Wolanda dziko akachoka sanyamula zonse. Mpunga wa faya, womwe unatchukitsa Nkhotakota, mbiri imaulumikiza ndi nthawi ya a Jumbe. Chisilamu chinafika nthawi yomweyo, ndipo lero ndi chipembedzo cha anthu a kuno enieni, obadwira kuno, amene alibe mlandu wa zomwe amalonda aja anachita. Chikhristu, sukulu ndi chipatala zinabwera ndi alendo achiwiri, ndipo nazonso tinazitenga kukhala zathu. Mzikiti ndi tchalitchi zaima moyandikana m'misika ya m'mbali mwa nyanja, ndipo pamaliro anthu amakumba manda limodzi. Ichi ndi chinthu chachikulu chomwe anthu a Nkhotakota anachita okha, popanda khoti kapena komiti yoyanjanitsa.

Koma kukhululukirana kwathu kunabwera ndi kukhala chete. Mayina a a Jumbe anayi alembedwa, masiku a Johnston ndi Livingstone alembedwa. Nanga mayi amene anagwidwa akutsuka chinangwa cha kondowole m'mbali mwa nyanja, n'kukafera panjira ya ku Kilwa, dzina lake ali nalo ndani? Nanga mnyamata wa kwa Mwadzama amene anapatsidwa mfuti n'kuuzidwa kuti akagwire anthu a mudzi woyandikana? Mu 2011 dziko la Malawi linapereka njira za akapolo, kuphatikizapo Nkhotakota, pamndandanda woyembekezera wa malo a mbiri wa UNESCO. Ndi ntchito yabwino, koma imasunga mitengo ndi zipupa. Nkhani za anthu zili m'mitu ya agogo, ndipo agogowo akutha.

Olemba a ku America anapeka dziko lathunthu, nalipatsa chipembedzo, mafumu, akapirikoni ndi ngwazi, n'kuthera zaka zisanu ndi ziwiri akufunsa momwe mtundu umachirira ukalandidwa. Ife sitifunika kupeka. Luso lilipo: Shemu Joyah anaonetsa ndi kanema wake wa mu 2012, The Last Fishing Boat, kuti moyo wa kunyanja ungathe kujambulidwa ndi Amalawi n'kukopa anthu kunja. Mafoni ojambula mawu ali m'matumba a ana a sekondale ku Benga. Mphunzitsi wa mbiri atatuma kalasi yake kukafunsa akuluakulu a m'midzi ya Mwadzama, Malengachanzi ndi Kanyenda za komwe banja lililonse linachokera ndi amene linataya, m'teremu imodzi yokha tingasonkhanitse zomwe mabuku a atsamunda sanalembe. Ntchitoyi sifuna thandizo la kunja, ndipo siingadikire zaka zina khumi.