Kubisa, Kuika Pachiswe, Kupatsira: Mawu Amene Lamulo Lidasakaniza

M'makomboni a m'minda ya fodya ku Mvurwi, m'boma la Mazowe ku Zimbabwe, muli zidzukulu za anthu a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia amene adabwera kudzagwira ntchito kwa azungu n'kutchona. Nkhani ya kachilombo ka HIV ikabuka m'banja, pachitsime anthu amangoti, "Adampatsira dala." Mawu ndi awiri okha, koma m'kati mwake mwalowa zinthu zosiyana, ndipo kuzisakaniza kwatsekeretsa anthu.

Kubisa ndi pamene munthu akudziwa kuti ali ndi kachilombo koma sadamuuze wogona naye. Kuika mnzako pachiswe n'kwina: mwagonana popanda kondomu, mpata woti kachilombo kalowe udalipo, mwina sikadalowe n'komwe. Kupatsira kwenikweni kumafuna kuti mnzakoyo apezeke nako, komanso umboni woti kadachokera kwa iwe. Nawo mawu oti "dala" kukhoti ndi olemera, chifukwa amafunsa za mumtima: kodi udafunadi kuti mnzako adwale?

Dziko la Zimbabwe lidakhazikitsa mlandu wopatsira HIV mu 2001 m'lamulo la Sexual Offences Act, kenako udasamukira ku gawo 79 la Criminal Law (Codification and Reform) Act. Mutu wa gawoli unkanena za kupatsira mwadala, chilango chake mpaka zaka 20 kundende. Koma mawu a m'munsi mwake adali otambalala ngati khoka. Ankakola ngakhale munthu wongodzikayikira, ndipo wodandaula sankafunika kutengadi kachilombo. Kukhala pabanja sikunkapulumutsa. Wozengedwa ankayenera kusonyeza kuti mnzakeyo ankadziwa ndipo adavomera. Nanga mawu olankhulidwa kuchipinda usiku, mboni yake ndani?

Apa m'pamene mtima wanga umawawa. M'banja woyamba kuyezedwa magazi kawirikawiri ndi mayi, chifukwa akapita kusikelo ali woyembekezera amayezedwa. Bambo ali kuchigafa kusankha fodya, sadayezetsepo. Mayi uja amabwerera ndi khadi la kuchipatala ndi botolo la ma ARV atamanga m'chitenje. Akaulula, akhoza kumenyedwa kapena kuponyeredwa katundu panja, pomwe nyumba ya m'komboni nthawi zambiri imayendera ntchito ya mwamuna, ndipo mwana wa matchona alibe mudzi wothawirako. Akakhala chete, khadi lomwelo limasanduka umboni kupolisi tsiku limene banja lasokonekera. Zofanana ndi izi zidagwera mayi wina wa ku Bulawayo amene adadziwa za kachilombo ali ndi pakati, n'kupezeka wolakwa mu 2012. Nkhani itafika ku Constitutional Court, khotilo mu 2016 lidati gawo 79 likhalebe.

Anthu samachedwa kuphunzira. Akaona kuti wodziwa ndiye amamangidwa, ena amasankha kusayezetsa, ena amaopa kumasuka kwa anamwino. Wosayezetsa sayamba mankhwala, ndipo kachilombo kamayenda kwambiri kudzera mwa iyeyo.

Achipatala ali ndi mawu awo amene makhoti adachedwa kuwamva: kuchuluka kwa kachilombo m'magazi. Kafukufuku wa HPTN 052, amene adakhudzanso mabanja a ku Lilongwe, Blantyre ndi Harare, adaonetsa mu 2011 kuti kuyamba ma ARV msanga kumachepetsa kupatsirana ndi 96 peresenti. Lero n'zodziwika kuti womwa mankhwala mokhulupirika mpaka kachilombo kosaonekanso poyeza sangapatsire mnzake pogonana. Ndiye chiswe chili pati? Komanso kuyamba kuyezedwa si kuyamba kutenga. Ngakhale akatswiri atafananiza kachilombo ka anthu awiri, sangatsimikize amene adapatsira mnzake.

Ku Malawi, mayi wina yemwe ankamwa ma ARV adagamulidwa miyezi 9 pansi pa gawo 192 la Penal Code chifukwa choyamwitsa mwana wa mnzake. Mu Januwale 2017 Justice Zione Ntaba wa bwalo lalikulu ku Zomba adafafaniza chigamulocho. Mu Novembala chaka chomwecho aphungu adavomereza lamulo la HIV ndi Edzi atachotsamo ndime za mlandu wopatsira. Ku Zimbabwe gawo 79 lidachotsedwa mu 2022 kudzera m'lamulo la maukwati, Marriages Act. Chisangalalo sichidakhalitse, pakuti mu 2024 lamulo loteteza ana ndi achinyamata lidaika HIV m'gulu la matenda opatsirana pogonana amene kuwapatsira dala ndi mlandu.

Wogwirira ndi wochita chipongwe chenicheni alangidwe, malamulo ake alipo kale. Koma inu apolisi, oweruza ndi atsogoleri a m'makomboni a ku Mvurwi, mukamva kuti "adampatsira dala," yambani mwafunsa ngati munthuyo akumwa mankhwala, ngati mwamuna adayezetsapo, ndi chimene chikadamchitikira mayiyo akadaulula.