Kodi maphunziro a ndale kwawo n'ku Zomba?

FUNSO: Mwana wanga ali chaka choyamba ku yunivesite. Tchuthi chino watisokosa ndi Plato, Hobbes ndi Locke, ati mphamvu za boma zimachokera kwa ife olamulidwa. Kodi maphunziro amenewa adayamba liti kwathu kuno, ndipo n'zoona kuti adabadwira ku Zomba? Ndine kholo la ku Chilomoni.

YANKHO: Bambo, za Zombazo ziiwaleni, ngakhale anthu a kumeneko andikwiyire. Chancellor College idatsegulidwa mu 1965 pa Chichiri, mu Blantyre mommuno. Ofuna za malamulo ndi kayendetsedwe ka boma ankaphunzira ku Mpemba, a zauphunzitsi ku Soche. Onsewa adasamukira ku Zomba mu 1973. Mchombo wa yunivesite uli kuno, Zomba idangolera.

Koma zimene ankaphunzira ku Mpembazo zidali zoti boma liziyenda bwino: mafayilo, ndalama, udindo wa DC. Kufunsa kuti wolamulayo adam'patsa mphamvu ndani, kapena kuti nzika ingakane liti kumumvera, inali nkhani yolowera nayo ku ndende ya Mikuyu. Chipani chidatsala chimodzi mu 1966, lamulo lounika mabuku lidabwera mu 1968, ndipo buku la George Orwell la Animal Farm lidaletsedwa. Nkhumba za m'bukumo zidaopsa boma lathunthu!

Tsono imvani chimene chimandisowetsa tulo ine. Ambiri amati Kamuzu adangophunzira za udokotala basi. Bodza limenelo. Asanapite ku koleji ya Meharry kumene adamaliza udokotala mu 1937, adali pa yunivesite ya Chicago, ndipo digiri yake ya mu 1931 idali ya mbiri yakale ndi ndale. Inde, ndale zomwezi zimene mwana wanu akukusokoserani. Ali komweko ndiye adathandiza Mark Hanna Watkins, katswiri wa zilankhulo, kulemba galamala ya Chichewa imene idatuluka mu 1937. Munthu ameneyu ankadziwa bwino zimene kalasi ya ndale imachita m'mutu mwa mnyamata wochokera m'dziko lolamulidwa ndi atsamunda, poti zidamuchitikira iye mwini. Nditero ine, sadatseke chitseko cha phunziro la ndale mwaumbuli. Adatseka chifukwa adaona zili mkatimo. Chodabwitsa china, atatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981 adalamula kuti ana aziphunzira Chigiriki, chilankhulo cha Plato, pamene akuluakulu ankaopa kutchula dzina la Pulezidenti m'basi.

Phunziro la ndale loima palokha lidayamba kupuma bwino anthu atasankha matipate pa riferendamu ya pa 14 June 1993, ndipo lidakhazikika m'zaka zotsatira.

Ndiye mwanayo musamutseke pakamwa, bambo. Akanena za Locke, mufunseni kuti ngati mphamvu zili mwa ife, bwanji phungu timamuona pa kampeni ndi pa maliro pokha? Akayankha bwino, fizi sidapite pachabe.