Words & Music, May 1965 (Lou Reed)

Chimbale cha nyimbo zoyeserera za Lou Reed (1942–2013), woimba wa ku New York amene adatsogolera gulu la The Velvet Underground. Reed adajambula nyimbozi pa tepi mu Meyi 1965 mothandizana ndi mnzake wa m'gululo, John Cale, gululo lisanadziwike, pomwe ankagwira ntchito yopeka nyimbo ku Pickwick Records. Tepiyo adaiika mu envulopu n'kudzitumizira yekha pa positi, kuti chidindo cha tsiku chikhale umboni wakuti nyimbozo ndi zake. Envulopuyo sadaitsegule mpaka kumwalira kwake. Kampani ya Light in the Attic idatulutsa chimbalechi mu 2022 mogwirizana ndi mkazi wa Reed, Laurie Anderson.

Muli "Heroin", "I'm Waiting for the Man" ndi "Pale Blue Eyes", koma osati monga anthu adazizolowera. Phokoso la magitala amagetsi mulibe. Muli gitala wopanda magetsi ndi harmonica, ndipo kaimbidwe ka Reed kakutsatira Bob Dylan poyera. Apa mpomwe pali phindu la tepiyi: ikusonyeza kuti mawu olimba onena za mankhwala osokoneza bongo adalipo kale, ukali wa zoimbira udadza pambuyo. "Men of Good Fortune" ya pa tepiyi ili ndi mawu osiyana ndi ya pa Berlin, chimbale cha Reed cha 1973.